Mukafika pa Kazungula, yang'anani amene akuwoloka

Aliyense wokonda kuyenda akuyenera kukafikako ku Kazungula tsiku lina. Ndi pamene mtsinje wa Chobe umathira mu Zambezi, makilomita pafupifupi 70 kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo pakamtunda kochepa pamenepo pamayandikana mayiko anayi: Zambia, Botswana, Zimbabwe ndi Namibia. Bwato likaima pakati pa madzi, woyendetsa amazimitsa injini n'kuyamba kuloza ndi chala: uko kuli mitengo italiitali ndi ku Zambia, mabango awo ndi a ku Namibia, kumbuyo kwanuku ndi ku Botswana, patsogolo pang'onopo ndi ku Zimbabwe. Foni m'thumba imalira kangapo, kampani ina ikukulandirani m'dziko lina, musanamalize kuwerenga uthengawo ina yakulandiraninso kwina. Alendo amasangalala, amajambulana, ndipo chisangalalo chawocho n'chomveka. Si paliponse pamene munthu angaone mayiko anayi atangotembenuza khosi.

Chimene chimandivuta n'chakuti ulendo wa ambiri umathera pomwepo. Amabwerera kwawo ndi chithunzi cha madzi, osadziwa kuti madziwo kwa anthu ena ndi njira ya kumunda, ya kumaliro, ya kumsika, komanso kuti malire amene mlendo amawaona ngati chokondweretsa, mwini dera amawasenza tsiku ndi tsiku. Ine ndikuti malo otere tiziwayesa ndi funso limodzi: kodi munthu wobadwira m'mbali mwa mtsinjewu amawoloka mosavuta ngati mmene amawolokera wochokera kutali? Ngati yankho lili ayi, ndiye kuti chipilala, mlatho ndi zikwangwani zonse sizinamalize ntchito yake.

Tiyambe ndi zimene woyendetsa bwato nthawi zambiri safotokoza. Mayiko anayiwa sakumana pamfundo imodzi yeniyeni. Pali malo awiri oyandikana pamene mayiko atatuatatu amakumana, ndipo pakati pa malo awiriwa pali kampata ka mamita pafupifupi 150 pomwe Zambia ndi Botswana amakhudzana. Kampata kameneka ndi kamodzi mwa malire aafupi kwambiri padziko lonse. N'chifukwa chake mlatho wa Kazungula, ukauona uli chapatali, suwongoka. Unapindika ngati uta kuti mizati yake isaponde m'madzi a Zimbabwe kapena a Namibia. Akatswiri omanga anakhotetsa konkire ndi zitsulo chifukwa cha mizere imene anthu ena analemba pamapu zaka zoposa 100 zapitazo, ali kutali, mtsinjewo asanauonepo.

Nkhani ya mizereyi ndi yofunika kuidziwa musanakwere bwato. M'chaka cha 1890, Britain ndi Germany anasainirana pangano logawana madera angapo, lomwe limadziwika ndi mayina a zilumba za Heligoland ndi Zanzibar. M'panganoli Germany, yomwe inkalamulira dziko lomwe lero ndi Namibia, inapatsidwa kamzere ka dziko kakatali kopyapyala kolowera kum'mawa mpaka kukafika pa Zambezi. Kamzereka kanatchedwa Caprivi, kutengera dzina la Leo von Caprivi, yemwe anali mtsogoleri wa boma la Germany panthawiyo. Chimene ankafuna ndi njira ya pamadzi yolowera kum'mawa kwa Africa. Koma kumunsi kwa Kazungula kuli mathithi aakulu aja, ndipo palibe sitima ingadutse pamenepo. Njira ya malonda sinatheke, koma mzere unatsala. Asubiya, amene ankakhala mbali zonse ziwiri za Chobe, anapezeka agawidwa pakati pa maboma awiri a atsamunda popanda wowafunsa. Alozi ndi Atonga a m'mbali mwa Zambezi anaonanso zomwezo. Namibia inasintha dzina la chigawochi m'chaka cha 2013 kukhala Zambezi, ndipo inachita bwino, koma kusintha dzina sikunabwezeretse mabanja pamodzi.

Kampata ka mamita 150 kaja kali ndi mbiri imene iyenera kutinyaditsa tonse a kuno kum'mwera kwa Africa. Botswana italandira ufulu m'chaka cha 1966 inali yozunguliridwa ndi maboma a azungu ochepa: South Africa kum'mwera, Rhodesia (lero Zimbabwe) kum'mawa, ndipo Namibia kumadzulo ndi kumpoto inali m'manja mwa South Africa yomweyo. Khomo lokhalo lotulukira kupita kudziko la Africa lodzilamulira linali pa Kazungula, kuwolokera ku Zambia ya Kenneth Kaunda. Pantoni yomwe inkawolotsa magalimoto pamenepo inkawolotsanso anthu othawa tsankho. M'chaka cha 1970 boma la South Africa linauza boma la Seretse Khama kuti Botswana ndi Zambia alibe malire ogawana, choncho pantoniyo ikuyenda mophwanya malamulo. Botswana inakana. Mfuti zinalirapo pamtsinjewo, ndipo m'chaka cha 1979 asilikali a Rhodesia anamiza pantoniyo. Mlendo amene akumwa chakumwa chozizira pabwato dzuwa likulowa akudutsa pamalo pomwe dziko laling'ono linakana kutsekeredwa m'khola. Ndikadakonda kuti aliyense wofika kumeneko azimva zimenezi asanayambe kujambula.

Nkhondo zitatha, pantoni inapitiriza ntchito, koma inali yosakwanira. Matiraki onyamula mkuwa kuchokera ku Zambia ndi ku Democratic Republic of Congo kupita kudoko la Durban, ndi ena obwera ndi katundu kuchokera kum'mwera, ankandandalika mtunda wautali m'mbali mwa msewu. Madalaivala ankagona pamzere masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, akuphika pansi pa thiraki, akusamba m'chidebe, akudikira kuti pantoni yowonongeka ikonzedwe kapena madzi achepe mphamvu. M'chaka cha 2003 pantoni ya ku Zambia inagubuduzika italemedwa ndi katundu, ndipo anthu 18 anamira. Choncho pamene mlatho unatsegulidwa pa 10 May 2021, panalibe chifukwa chochepetsera chimwemwe. Ndi wautali mamita 923, unadya madola a ku America pafupifupi 259 miliyoni, unamangidwa ndi kampani ya Daewoo ya ku South Korea ndi ngongole zochokera ku bungwe la JICA la ku Japan ndi African Development Bank, kuphatikizapo ndalama za maboma awiriwo. Pakati pake anasiyapo njanji ya sitima yodikira tsogolo, ndipo m'mbali muli tinjira ta oyenda pansi. Anamanganso maofesi oti munthu aziima kamodzi kokha, a kasitomu ndi oona zolowa ndi kutuluka a mayiko onse awiri ali m'nyumba imodzi.

Mlathowu ndimaulemekeza. Wapulumutsa miyoyo, wafupikitsa ulendo, ndipo waonetsa kuti mayiko awiri a ku Africa angathe kugwirizana pa ntchito yaikulu n'kuimaliza. Koma tiyeni tinene zoona: unamangidwira mkuwa, mafuta ndi makontena. Palibe cholakwika pamenepo, popeza chuma cha mayiko chimayenda pa matayala amenewo. Chimene ndikukana n'kuganiza kuti thiraki ikawoloka m'maola ochepa ndiye kuti nkhani ya malire yatha.

Taonani mmene zinthu zilili kwa mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja. Kuyambira m'chaka cha 2014, Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa chilolezo chimodzi, cha madola 50, chomwe chimalola nzika za mayiko ambiri akutali kulowa ndi kutuluka m'mayiko awiriwa mmene zifunira kwa mwezi, ngakhalenso kukacheza ku Botswana kwa tsiku limodzi kudzera pa Kazungula pomwepa. Mlendo amadzuka ku Livingstone, amakaona njovu ku Chobe masana, madzulo wabwerera. Kampani yomuyendetsa imamukonzera zonse, galimoto ikumudikira mbali ino, ina ikumudikira tsidya. Maboma anakhala pansi, anaganiza, n'kupeza njira yoti munthu ameneyu asavutike, chifukwa amabwera ndi ndalama zakunja. Anachita bwino. Funso langa n'lakuti nzeru zomwezo, changu chomwecho, zinapita kuti pamene nkhani inali ya msodzi wa m'dambo la Chobe, kapena mayi amene mchemwali wake anakwatiwa tsidya lina?

M'madera ambiri a m'malire muli timapepala tomwe anthu amatitchula kuti boda pasi, tolola okhala pafupi ndi malire kuwoloka kwa nthawi yochepa popanda pasipoti. Timathandiza ndithu. Koma pepalalo limagwira ntchito pachipata, pamaso pa ofesala wokhala ndi chidindo. Moyo wa pamtsinje sudutsa pachipata. Msodzi amapalasa bwato usiku kapena m'bandakucha, amatsata nsomba kumene zapita, amatchera ukonde pomwe bambo ake ankatchera. Pamadzi palibe chikwangwani chomuuza kuti nkhafi yake yangolowa m'dziko la eni. Ndipo mtsinjewo sukhala malo amodzi. Zambezi ikadzaza m'miyezi ya March ndi April, madzi ake amakankha Chobe mpaka kuyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo, madambo onse a kum'mawa kwa chigawo cha Zambezi n'kusanduka nyanja. Midzi imasamukira kumtunda, ng'ombe zimasamutsidwa, njira zapansi zimatha. Madzi akaphwa, timitsinje tina tatsekeka ndi mchenga, tina tatseguka. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, koma khwawa la mtsinje wa m'dambo si limodzi, ndipo lamulo la malire limafuna limodzi lokha.

Vuto limeneli linafika mpaka kubwalo la milandu la dziko lonse ku The Hague. Pafupi ndi tauni ya Kasane ku Botswana pali kachilumba ka udzu kamene a ku Botswana amakatcha Sedudu, a ku Namibia amakatcha Kasikili. Chobe amagawika pawiri pozungulira kachilumbaka. Pangano la 1890 lija linangonena kuti malire azitsata pakati pa njira yaikulu ya mtsinje, koma silinatchule kuti yaikuluyo ndi iti, ya kumpoto kapena ya kum'mwera. Namibia itangolandira ufulu m'chaka cha 1990 mkangano unabuka, asilikali anayandikana, ndipo mayiko awiriwa anagwirizana zotengera nkhaniyi kukhoti. Akatswiri anayeza kuya kwa madzi, m'lifupi mwake, ndi kuchuluka kwa madzi odutsa mbali iliyonse. M'mwezi wa December 1999 khoti linagamula kuti njira yaikulu ndi ya kumpoto, choncho chilumbacho n'cha Botswana. Namibia inavomereza, ndipo apa mayiko onse awiri akuyenera kuyamikiridwa, chifukwa kwina nkhani zotere zathera m'manda. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti chigamulo chomwecho chinanenanso kuti m'njira zonse ziwiri zozungulira chilumbacho, nzika ndi mabwato a mayiko onse awiri azitengedwa mofanana. Oweruza anaona kuti kupereka chilumba kwa mmodzi sikungachotse mnzakeyo pamadzi.

Komabe m'mwezi wa November 2020, pamtsinje womwewo, asilikali a Botswana anawombera ndi kupha amuna anayi a banja limodzi, atatu apachibale a ku Namibia ndi msuweni wawo wa ku Zambia. Asilikali anati ankawaganizira kuti ndi opha nyama mozembera malamulo. Abale awo anati anali asodzi ali pantchito yawo. Ku Katima Mulilo ndi ku Windhoek anthu anachita zionetsero, atsogoleri a mayiko awiriwa anakambirana, ndipo kafukufuku wa khoti ku Botswana sanapeze asilikaliwo ndi mlandu. Sindikufuna kuweruzanso nkhani yomwe makhoti anaiona. Ndikungofuna kuti mlendo amene bwato lake likuzungulira Sedudu madzulo, akuonerera njati ndi mvuu zikudya udzu, adziwe kuti pamadzi omwewo munthu wa m'deralo akhoza kufa chifukwa chopezeka mbali yolakwika ya mzere wosaoneka. Mtsinje ndi umodzi, koma amene ali m'bwato la injini masana ndi amene ali m'bwato la mtengo usiku sakuyenda pamtsinje wofanana.

Ndikudziwa zimene ena angayankhe, ndipo mayankho awo si opanda pake. Botswana ili ndi njovu zochuluka kuposa dziko lina lililonse, ndipo magulu opha njovu ndi zipembere amabwera ndi mfuti zankhondo, kuwoloka mitsinje yomweyi usiku. Msilikali amene waona mnzake ataphedwa m'tchire sayang'ana bwato la usiku ndi maso a mlendo. Palinso matenda a ziweto. Aliyense wolowa m'dziko la Botswana pamsewu amadziwa kachitidwe kaja kotsika m'galimoto, kuponda pa chiguduli chonyowa ndi mankhwala, n'kutulutsanso nsapato zina zonse m'chikwama kuti nazo zipondetsedwe, galimoto n'kudutsa m'dziwe la mankhwala. Ena amaona ngati n'kuvutitsa anthu, koma dziko lomwe limagulitsa nyama ya ng'ombe kunja silingasewere ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Onjezanipo katundu wozembetsa msonkho, mankhwala ozunguza bongo, ndi kuzembetsa anthu. Malire ali ndi ntchito yake, ndipo boma lomwe silidziwa amene akulowa ndi kutuluka silingateteze aliyense.

Sindikunenanso kuti mizere ya atsamunda ifufutidwe n'kulembedwa mwatsopano. Atsogoleri a Africa atakumana ku Cairo m'chaka cha 1964 anagwirizana zolemekeza malire amene anawapeza polandira ufulu, chifukwa anaona kuti kuyamba kuwasuntha kungayatse moto wosazimitsika. Anaganiza bwino. Koma kulemekeza mzere ndi chinthu china, kuusandutsa mpanda wa minga pakati pa anthu a mtundu umodzi ndi chinthu chinanso. Ndipo pa nkhani ya chitetezo ndimaona kuti mfundoyo imagwira mbali yanga. Amene amadziwa bwato lachilendo likalowa m'dambo ndi msodzi wa pomwepo. Amene amadziwa mapazi a mlendo pa doko ndi mfumu ya m'mudzimo. Boma likamawatenga anthu amenewa ngati oganiziridwa, limataya maso ndi makutu amene likanadalira. Msodzi wolembedwa m'kaundula, wokhala ndi chiphaso chodziwika mbali zonse ziwiri, bwato lake lili ndi nambala, amapeputsa ntchito ya msilikali, chifukwa wotsala wopanda chiphaso ndiye woyenera kufunsidwa.

Chodabwitsa n'chakuti njovu zinaganiziridwa kale. M'chaka cha 2011 mayiko asanu, Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe, anasainira pangano lokhazikitsa dera lalikulu losungirako zachilengedwe la Kavango-Zambezi, lomwe anthu amangoti KAZA, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 520,000. Mfundo yake ndi yoti nyama sizidziwa malire, choncho njira zake zisatsekedwe. Kalembera wa pandege wa m'chaka cha 2022 anapeza kuti m'derali muli njovu pafupifupi 227,900. Madzulo mumatha kuziona zikusambira kuwoloka Chobe, chitamba chokha chili pamwamba pa madzi, ana ali pakati. Ndi zokongola kwambiri, ndipo ndimagwirizana nalo panganolo. Koma njovu zomwezo zikawoloka zimakadya chimanga ndi mapira m'minda ya anthu a tsidya, ndipo anthuwo, amene amalipira mtengo wa ufulu wa njovu, sanapatsidwe ufulu wofanana nawo pamtsinje wa makolo awo.

Pali malo ena kum'mwera kuno amene amatiphunzitsa zomwe zimachitika malo okumanirana mayiko akasanduka chokopa alendo eni ake atachotsedwa. Kumpoto kwenikweni kwa Kruger National Park, pamene mtsinje wa Luvuvhu umathira mu Limpopo, South Africa, Zimbabwe ndi Mozambique amakumana. Malowa amatchedwa Crook's Corner, chifukwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 opha njovu ndi ena othawa malamulo ankabisala kumeneko, apolisi a dziko lina akabwera iwo n'kungolumphira dziko linalo. Nkhani imeneyi ndi imene alendo amauzidwa, ndipo amaikonda. Koma dera limenelo linali mudzi wa anthu a kwa Makuleke, amene m'chaka cha 1969 boma la tsankho linawasamutsa mokakamiza kuti malo awo alowe m'nkhalango yosungira nyama. Anabwezeredwa malowo m'chaka cha 1998, ndipo anasankha kuti apitirire kukhala osungirako nyama, iwo n'kumapindula ndi malo ogona alendo omwe ali kumeneko. Kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankaima pa Crook's Corner n'kumasirira bata la malowo, osadziwa kuti batalo linabwera chifukwa eni ake anakwezedwa m'malole.

Kunja kwa Africa malo otere alipo ambiri, ndipo aliyense ali ndi nkhope yake. Ku South America, pamene mtsinje wa Iguazu umathira mu Paraná, Argentina, Brazil ndi Paraguay aliyense anaimika chipilala mbali yake n'kuchipaka mitundu ya mbendera yake, moti ukaima pa chimodzi umaona zinazo kutsidya. Koma moyo weniweni wa malirewo uli pa mlatho wolumikiza mzinda wa Foz do Iguaçu ku Brazil ndi wa Ciudad del Este ku Paraguay, womwe unatsegulidwa m'chaka cha 1965, pomwe anthu miyandamiyanda amawoloka tsiku lililonse pa njinga zamoto ndi wapansi kupita kuntchito ndi kumalonda. Malo amene amandigwira mtima kwambiri ndi Schengen, mudzi waung'ono wa ku Luxembourg m'mbali mwa mtsinje wa Moselle, pomwe dzikolo limakumana ndi France ndi Germany. Pa 14 June 1985 nthumwi za mayiko asanu zinakwera sitima yapamadzi pamalo pomwepo n'kusainira pangano lochotsa zipata pakati pa mayiko awo. Zinatenga zaka khumi kuti liyambe kugwira ntchito. Mayikowa anali ataphana koopsa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ndipo malire awo alipobe mpaka lero, aliyense ndi boma lake ndi malamulo ake. Chomwe chinachoka ndi mzere wa anthu odikira chidindo. Nawonso ali ndi mavuto awo, nthawi zina amabwezeretsa zipata kwa kanthawi, ndipo kwa munthu wochokera ku Africa khomo lawo lakunja ndi lolimba kwambiri. Koma mlimi wa mphesa wa m'mbali mwa Moselle safunsidwa pepala popita kukaona mnzake tsidya.

Wina anganene kuti awo ndi olemera, ife sitingathe. Koma tayamba kale. M'mwezi wa February 2023, atsogoleri a panthawiyo, Hage Geingob wa Namibia ndi Mokgweetsi Masisi wa Botswana, anakumana pa chipata cha Mamuno n'kukhazikitsa dongosolo loti nzika za mayiko awiriwa ziziwoloka ndi chitupa cha unzika chokha, popanda pasipoti. Awa ndi mayiko omwe aja anakanganirana chilumba, omwe aja anali pa chidani chifukwa cha imfa za pa Chobe zaka ziwiri zokha m'mbuyomo. Kwa munthu wakumudzi kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa pasipoti imafuna ndalama, ulendo wa kutauni ndi kudikira, pomwe chitupa ali nacho kale m'thumba. Bungwe la African Union nalo linavomereza m'chaka cha 2018 pangano loti anthu aziyenda momasuka mu Africa yense, koma kuti liyambe kugwira ntchito pakufunika mayiko 15 alikhazikitse m'malamulo awo, ndipo amene achita zimenezi ndi ochepa kwambiri. Pangano la malonda lomwe linasainidwa chaka chomwecho linathamangiridwa, la anthu linatsalira. Zikufanana ndi zomwe tikuona pa Kazungula: katundu patsogolo, munthu pambuyo.

Mantha amene amachedwetsa zinthuzi ndimawamvetsa. Dziko lomwe chuma chake chili bwinoko limaopa kuti anansi adzakhamukira kumeneko kudzafuna ntchito ndi chithandizo cha kuchipatala. Koma zimene ndikupempha pano ndi zazing'ono kuposa kutsegula zipata zonse. Mayiko anayi a pa Kazungula angathe kugwirizana za chiphaso chimodzi cha anthu okhala m'mbali mwa Chobe ndi Zambezi, chodziwika kwa asilikali ndi apolisi a mbali zonse, chogwira ntchito pamadzi osati pachipata pokha. Angathe kugwirizana za nyengo imodzi yotsekera usodzi ndi mtundu umodzi wa maukonde ololedwa, kuti chololedwa mbali ino chisakhale mlandu mamita makumi angapo kutsogoloko. Angathe kuika mafumu a mbali zonse m'makomiti oona za malire, osangowaitana pakagwa maliro. Ngati anatha kugwirizana za njovu, za alendo ndi za matiraki, palibe chimene chingawalepheretse apa kupatula kusafuna.

Nanga mlendo payekha angachitepo chiyani? Zambiri ndithu, ngakhale zikuoneka zazing'ono. Choyamba ndi kupereka nthawi. Ulendo wa ola limodzi pabwato umakuonetsani madzi ndi mvuu basi. Kuchokera ku Kasane mukhoza kudinditsa pasipoti, kukwera bwato laling'ono n'kukatsika pa chilumba cha Impalila, kumapeto kwenikweni kwa Namibia, komwe ofesi yolowera m'dziko ndi kanyumba kakang'ono kamene mumakafikako wapansi kuchokera padoko. Kumeneko kuli midzi, sukulu, minda, ana akutunga madzi, maukonde atayanikidwa. Lankhulani ndi anthu mwaulemu, pemphani musanajambule munthu, ndipo pa zipata za boma kamera ikhale m'chikwama chifukwa malamulo salola. Ngati mungathe, tengani wokuperekezani wobadwira komweko, ndipo mufunseni zoposa mayina a mbalame. Mufunseni kumene agogo ake anaikidwa, kumene amagula ufa ndi sopo, chipatala chimene amathamangirako mwana akadwala usiku, ndi mapepala amene amafunika kuti akafikeko. Mayankho ake adzakuonetsani malire bwino kuposa chala choloza pamadzi.

Oyang'anira zokopa alendo m'mayiko anayiwa nawo ali ndi ngongole. Pamalo pamene pali mbiri yochuluka chonchi payenera kukhala nyumba, ngakhale yaing'ono, yofotokoza za pangano la 1890, za pantoni yomwe inamizidwa, za othawa tsankho amene anawolokera pano, za anthu 18 a m'chaka cha 2003, za mlandu wa Sedudu, komanso za Asubiya, Alozi ndi Atonga m'mawu awoawo ndi m'zilankhulo zawo. Ana a sukulu a ku Kasane, ku Kazungula ya ku Zambia, ku Impalila ndi ku Victoria Falls azibwera kudzaphunzira pamodzi, ndipo gawo la ndalama zolowera pakhomo lizipita kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje. Pamwambo wotsegulira mlatho mu 2021 panafika atsogoleri a mayiko angapo, ndipo mawu ambiri anali onena za umodzi wa chigawo chino. Akadzakumananso pamlathopo, pampando wina padzakhale woimira asodzi a m'dambo la Chobe, ndipo nkhani ya chiphaso chawo idzakhale yoyamba kukambidwa.